Bafa la m'basi lidandichotsa ulemu ku Harare

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanu. Ndine mkulu wa ku Mabvuku kuno ku Harare, ndipo nkhani zanu ndimaziwerengera pa foni ya mdzukulu wanga, iye akaiwala kuibisa. Ntchito yanga ndi yoika matailosi. Ndaigwira zaka zoposa 30, m'nyumba za ku Borrowdale zokhala ndi mabafa asanu, m'timakitchini ta ku Tafara momwe munthu sutembenuka, ngakhale m'matchalitchi. Maondo anga ndiwo mboni.

Chandilembetsa kalatayi ndi uthenga womwe ndidalandira pa WhatsApp mwezi watha kuchokera kwa mwana wa mlongo wanga wa ku Lilongwe. Naye adatengera malume ake, amaika matailosi. Adati: "Malume, ndapeza ntchito yabwino. Bwana wina wagula basi yakale, akufuna muikidwe bedi, kitchini ndi shawa kuti azigonamo alendo kunyanja ku Salima. Ndigule guluu wa matailosi matumba angati?" Ine sindidamuuze matumba. Ndidamufunsa kuti, "Basiyo izidzayenda kapena aikhazika pa njerwa?" Adanditumizira tinkhope toseka tija, kuyesa nkhalamba yayamba nthabwala. Pamenepo ndidadziwa kuti ali panjira yomwe ndidagwerapo ine, ndipo poti mwina sali yekha, ndati ndiulule manyazi anga pagulu, ena apulumukirepo.

Bambo anga adachoka kwa Kachindamoto ku Dedza nthawi ya Chitaganya, chija chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Ankati akupita ku Halale kukasaka ndalama ya njinga, abwerako chaka chamawa. Sadabwerere. Kumudzi adalowa m'gulu la matchona, ife n'kubadwira konkuno. Mabvuku ali pafupi ndi fakitale ya simenti, choncho ine ndidakula ndikuona malole a simenti akudutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo m'mutu mwanga mudakhazikika kuti padziko palibe chinthu chomwe simenti singagwire. Chikhulupiriro chimenecho chidandidyetsa zaka zambiri. Ndi chomwechonso chidandigwetsa.

Kumpingo kwathu kuli akulu ena, mwana wa matchona ngati ine, amene moyo wawo wonse adayendetsa malole a mtunda wautali. Atapuma pantchito adagula Toyota Coaster yakale, ija yotalika pafupifupi mamita 7, n'kuzula mipando yonse. Cholinga chawo chidali chimodzi: kutenga akazi awo kukaona kwawo kwa makolo ku Dedza, osathamangitsana ndi mabasi a ku Mbare, kuima pomwe afuna, kugona pomwe dzuwa lawalowera. Amayiwo ali ndi vuto la maondo, sangathe kunjuta m'zimbudzi za m'njira kapena kusamba chowerama ndi ndowa. Ndiye bafa la m'basimo silidali la matama ayi, lidali mtima wa ulendo wonsewo.

Tsiku lina titaweruka mapemphero adandikokera pambali. "Amisiri, mutithandize kabafa kathu. N'kakang'ono, kwa inu ndi masewera." Kadalidi kakang'ono, masentimita 80 uku ndi uku, msinkhu wake mita imodzi ndi masentimita 80, kumbuyo kwa tayala lakumanzere. Amayi adali atasankha kale matailosi awo kusitolo: oyera, onyezimira, akuluakulu a masentimita 60 mbali zonse, onga a m'mahotela. Adati, "Ndikufuna ndikamalowamo ndiziiwala kuti ndili m'basi." Ine ndidayankha kuti, "Amayi, masiku atatu basi." Sindidafunse munthu. Ndikadafunsa ndani, ine mphunzitsi wa anyamata theka la Mabvuku? Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Ndidachita zomwe ndimachita m'nyumba. Ndidagula pulayiwudi wamba, n'kumukhomerera ndi masikuluwu mwachindunji ku nthiti zachitsulo za basiyo, mbali ziwiri, ndipo khoma lachitatu ndidalimangira pa timitengo. Ndidakanda guluu wa simenti wotchipa uja, kupaka ndi mpeni wa mano, kumata matailosi, levulo ili m'manja. M'mipata monse, ngakhale m'makona, ndidathiramo galauti wa simenti, phala lija timatsekera mizere ya matailosi. Ntchito idatuluka yokongola, ndisaname. Anthu a kumpingo ankabwera kudzajambula. Amayi adandiphikira nkhuku ndi nsima ya ufa woyera, wa kumtondo weniweni, womwe kuno umasowa.

Patatha sabata ziwiri akulu aja adati akayese basi. Adalowera msewu wa ku Nyamapanda mpaka ku Mutoko, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kenaka adapatukira mumsewu wafumbi kukaona mnzawo wolima tomato. Madzulo ake foni yanga idalira. Sadakalipe. Akadakalipa bwenzi zili bwino. Adangoti, "Amisiri, mawa mukapeza mpata mutipeze, pali kanthu kakang'ono." Nditafika ndidapeza makona onse awiri atang'aluka kuchokera pansi mpaka kudenga, galauti atathothoka ngati mchenga. Tailosi imodzi ya pamwamba idali itamatuka n'kugwa, kuswanso inzake ya pansi. Zina nditazigogoda ndi chala zinkalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti kumbuyo zasiyana ndi thabwa. Amayi adali atasesa zidutswa n'kuziika bwinobwino m'kabokosi, ngati kuti ndikhoza kuzilumikizanso. Kabokosi kameneko kadandipweteka kuposa mawu alionse.

Choyamba ndidanamizira guluu. Mmisiri aliyense amatero. Ndidamata pomwe padamatuka, kuthiranso galauti, n'kunena kuti thumba lija lidali logonera. Basi idayenda kawiri katatu m'tauni momwe muno, ming'alu n'kubwerera pomwe paja.

Amene adanditsegula maso ndi mnyamata wowotcherera zitsulo ku Magaba, ku Mbare kuja amisiri amagwirira pamtetete, komwe tidapita kukakonzetsa choikapo thanki. Mwana wamng'ono kwa ine, woti ndikhoza kumubala. Atasuzumira m'bafamo adati, "Madala, tabwerani muone." Adatenga jeke, n'kukweza tayala limodzi lakutsogolo, kuchoka pansi mwina chikhatho chimodzi. Adati ndikatseke chitseko cha basi. Chitseko chomwe chinkatsekeka ndi chala chimodzi chidayamba kukhula, kufuna phewa. Adatsitsa jeke, chitseko n'kukhalanso bwino. "Mwaona? Thupi lonseli limapotoka. Adalipanga dala kuti lizipotoka, likapanda kutero lithyoka. Inu mwamanga khoma la nyumba pamsana pa njoka."

Ndidakhala chete. Zaka zonsezi ndakhala ndikumata matailosi pa zinthu zogona tulo: konkire, njerwa, pulasitala. Nyumba ikasuntha, imasuntha pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo tikaona mng'alu timati maziko adalakwika. Basi imasuntha dzenje lililonse, bampu iliyonse, pokhota paliponse, pomanga mabuleki paliponse. Tayala limodzi likalowa m'dzenje linzake lili pamtunda, khoma lakumanzere ndi lakumbuyo amakokana. Ine ndidakhomerera matabwa anga ku makoma onse awiriwo, ndiye pakona pomwe amakumana ndi pomwe nkhondo yonse inkachitikira. Tailosi siipinda. Galauti wa simenti sapinda. Tailosi ikakula, ndiye kuti malo omwe ikukana kupindawo akulanso, ndipo mphamvu yonse imathera pa guluu wa kumbuyo kwake mpaka atataya.

Pali chinanso chomwe chimagwira ntchito ngakhale basi itangoima: kutentha ndi kuzizira. Chitsulo chimafutukuka chikatentha. Chitsulo chotalika mamita 2 chikatentha ndi madigiri 40 chimatalika ndi pafupifupi milimita imodzi. Aluminiyamu amatalika pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Tailosi imatalika ndi theka la milimita chabe. Zikuoneka zochepa, koma kwa galauti wouma gwa, theka la milimita ndi phompho. Ndipo kusiyana kwa madigiri 40 pa malata a basi si nkhani yovuta kufika. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, usiku wa mu Juni umazizira mpaka mame kuuma pa udzu m'madambo. Tsikirani ku Tete mu Okutobala, m'chigwa cha Zambezi, komwe mpweya wokha umapitirira madigiri 40, muike dzanja pa malata masana, muona. Basi yomweyo, bafa lomwelo.

Kenaka kulemera. Izi ndidachita kuziwerengera pakapepala ndi mdzukulu wanga, ndipo ndidachita nazo mantha. Makoma atatu ndi pansi pa kabafako zidakwana masikweya mita 5. Matailosi aakulu aja amalemera makilogalamu oposa 20 pa sikweya mita, ndiye onse pamodzi adapitirira 100. Onjezani guluu, onjezani matabwa okhuthala, mwayandikira makilogalamu 190. Matumba a simenti pafupifupi anayi, ataimikidwa mbali imodzi, ena m'mwamba kufupi ndi denga. Pambali pake thanki ya malita 100, ndipo lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Akulu aja, poti ndi dalaivala wakale, adali ataona kale kuti basi ikupendekera kumanzere ndipo ikamakhota ikuchita ngati ikufuna kugwada, koma ulemu udawatseka pakamwa. M'nyumba sindidayambe ndafunsapo kuti matailosi akulemera bwanji, chifukwa nthaka sidandaula. Masipuling'i amadandaula, matayala amadandaula, ndipo galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu omwe adalembedwa ndi omwe adaipanga.

Choipitsitsa tidachipeza titaphwasula. Anthu ambiri, ngakhale amisiri anzanga ena, amayesa kuti matailosi ndi galauti ndizo zimatchinga madzi. Ayi. Galauti wa simenti amamwa madzi ngakhale alibe mng'alu. M'nyumba madziwo amakalowa mu pulasitala n'kuuma okha, mwina utoto wa chipinda chinacho n'kutuwa. M'basi kumbuyo kwake kuli thabwa ndi chitsulo. Amayi adali atasambamo kangapo poyeserera, ndipo pulayiwudi wa pansi tidampeza atafufuma, akusendeka ngati anyezi, akununkha chuku. Pansi pake chitsulo chidali chitayamba kufiira ndi dzimbiri. Miyezi iwiri yokha. Chikadatha chaka, tsiku lina phazi la amayi likadabooleza.

Ndidauza akulu aja kuti ntchito ndiibwereza popanda malipiro, ndipo matailosi oswekawo ndilipira ndine. Adakana, ine ndidakana kukana kwawo, mpaka tidagwirizana kuti iwo agule zipangizo zatsopano, ine ndipereke manja ndi nthawi. Kunyumba mayi a ana adandifunsa kuti sabata zitatu zopanda ndalama tidya chiyani, dzina kodi? Ndidati inde, dzina, chifukwa ku Mabvuku nkhani imayenda msanga kuposa kombi.

Ulendo wachiwiri ndidayamba ndi kufunsa. Mnyamata wa ku Magaba uja, mkulu wina amene adagwirapo ntchito yokonza maboti ku Kariba, ndiponso zolembedwa kumbuyo kwa matumba, zomwe zaka 30 ndinkangozidumpha.

Nzeru yaikulu idachokera kwa mkulu wa maboti. Adati bafa likhale bokosi lapalokha, lolimba mwa ilo lokha, longokhala m'basi ngati mlendo. Tidapanga felemu yake, kuimanga zolimba pansi pa basi kuti ngozi itachitika isauluke, koma kumakoma ndi kudenga tidagwiriza ndi zomangira zochepa zokhala ndi labala pakati, kuti basi ikamapotoka izipotoka yokha, bokosi lisatengeke nayo. Matabwa tidagula pulayiwudi wa maboti, uja guluu wake samasuka ndi madzi, wa mamilimita 18 pansi, wa 12 m'mbali. Tisadatseke, dzimbiri lonse lidapalidwa ndi kupakidwa utoto woteteza.

Kenaka chotchinga madzi chenicheni, chomwe poyamba ndidachidumpha. Ndi utoto wokhuthala uja ukauma umakhala ngati labala. Timapaka kamodzi, m'makona ndi mozungulira paipi timagonekamo kansalu kake kolimbitsa utoto ukadali wauwisi, ukauma timapakanso mopingasa, ine ndidapaka katatu. Ndisadamate tailosi ngakhale imodzi, ndidatseka potulukira madzi, n'kudzaza pansipo madzi ofika m'kakolo, kulemba mzere ndi pensulo, kusiya tsiku lathunthu. Kwathu ku Mabvuku madzi timachita kukatunga kumjigo, ndiye anthu ankandiyang'ana ngati wopenga ndikuthira zigubu ziwiri m'basi. M'mawa mwake madzi adali pamzere pomwe paja, pansi pa basi pouma. Titatero tidaiyendetsa basiyo mumsewu wokumbika wa kuseri kwa Tafara, bokosi lili lopanda matailosi, n'kubwerezanso kuyesa kwa madzi kuja. Apa m'pomwe ndikufuna mwana wa mlongo wanga amvetse: bafa liyenera kukhala losadontha matailosi asadafike. Matailosi ndi malaya chabe.

Nkhondo idali pa kusankha matailosi. Ndidapita kwa amayi ndi timatailosi ting'onoting'ono ta mosaic, tija timabwera titamatidwa pa kaukonde, kalikonse kosaposa masentimita 5, topyapyala, tolemera mwina theka la aakulu aja. Ubwino wake ngwakuti thabwa likapinda pang'ono, kupindako kumagawanika m'mizere yambirimbiri, palibe kamodzi komwe kamasenza zonse. Mizere yambiriyo imagwiranso phazi, munthu saterereka, zomwe kwa munthu wa maondo ovuta n'zofunika kuposa kunyezimira. Ndidawauzanso kuti matailosi afika m'chiuno basi, kumtunda kwake tiika chipepala choyera cha fibreglass, chopepuka, chopanda mzere. Amayi adandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukufuna ndizisamba m'filiji?" Ndidati, "Amayi, hotela ija idakugwerani kale kamodzi, mwamwayi mudali kunja." Akulu aja adaseka mpaka kutsokomola. Tidagwirizana kuti timatailosito tikhale tobiriwira ngati madzi a kunyanja, ndi mzere umodzi woyera pamwamba.

Guluu ndidagula wopinda. Pa matumba a guluu wabwino pamakhala zilembo: C2 ndiye kuti amagwira mwamphamvu, S1 ndiye kuti atauma amatha kupinda mamilimita osachepera 2.5 pomuyesa asadathyoke, S2 amafika 5. Wa m'basi ndi S2 ngati apezeka, apo ayi S1, ndipo mtengo wake umaluma. Amene adzakuuzeni kuti ingothirani guluu wa matabwa mu simenti wamba zikhala chimodzimodzi, ameneyo basi si yake.

M'mizere ndidaika galauti wa epoxy. Ameneyu samwa madzi ndipo amagwira tailosi ngati nkhupakupa, koma ndi wankhanza kwa mmisiri. Amabwera m'zitini zosiyana, mukasakaniza wotchi yayamba kuyenda, ndipo m'basi yotentha masana amauma mukadali kuganiza. Chitini choyamba chidandiumira m'manja, chidakali kwathu, tikutsekera chitseko cha khola la nkhuku. Ndidaphunzira kuyamba mbandakucha, kusakaniza pang'onopang'ono, kupukuta nthawi yomweyo ndi siponji, chifukwa akaumira pa tailosi sachokanso ndi madzi. Valani magolovesi, amayabwa pakhungu. M'makona monse, ndi pomwe khoma limakumana ndi pansi, simudalowe galauti wa mtundu uliwonse. Ndidasiya mpata wa mamilimita 5 n'kuikamo silikoni, kuti makoma akamakokana pakhale chotamuka. Silikoninso ali pawiri. Uja wonunkha ngati viniga amadya chitsulo, m'basi asayandikire. Funsani wopanda fungo loluma uja, wa m'bafa, wosachita chuku.

Za potulukira madzi zidandiphunzitsanso kudzichepetsa. M'nyumba timapendeketsa pansi masentimita 2 pa mita iliyonse kulozera kudzenje limodzi, nkhani yatha, chifukwa nyumba siisintha kaimidwe. Basi lero yaima mutu uli kumtunda, mawa yapendekera kumanja pansi pa mtengo wa mango. Levulo yanga yomwe ndimainyadira idasanduka chidole. Tidaika potulukira pawiri, m'makona oyang'anizana mopingasa, kuti kulikonse komwe basi yapendekera madzi apeze njira, ndipo pakhomo tidakweza kamlomo ka masentimita 6. Kapaipi kokhota kaja kamasunga madzi otchinga fungo nakonso m'basi kamakhuthuka ndi kugwedezeka, fungo la thanki ya madzi osamba n'kukwera m'chipinda chogona, ndiye tidaikapo zotsekera za labala zoti azitseka akamanyamuka. Kudenga tidaboola potulukira nthunzi, chifukwa kachipinda kakang'ono chotero kakapanda kupuma, chinyezi chimakakhala kumbuyo kwa makabati. Giza ya gasi, yotenthetsera madzi, ndidakanitsitsa kuti isalowe m'bafamo. Gasi akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa utsi wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha munthu ali chisambire. Idakhala m'kabokosi kake kopumira kunja.

Masiku atatu aja adasanduka sabata zitatu, ndipo nditamaliza ndidawaletsa kuyendetsa basi sabata inanso kuti zonse zikhwime. Kulemera kudatsika ndi pafupifupi theka.

Adanyamuka mvula itatha. Nyamapanda, Changara, kuwoloka Zambezi ku Tete, Moatize, kukwera mapiri a ku Angonia mpaka kutulukira pachipata cha Dedza. Njira ya Tete yomweyo adadzera makolo athu pobwera, ena pa malole a Ulere, aja ankanyamula mwaulere anthu okasaka ntchito, ena wapansi. Ine sabata zonsezo foni ikalira mtima unkagunda. Adakhala kumudzi mwezi ndi theka, adafika ndi kunyanja komwe. Atabwerako ndidapita ndi tochi ndi kandodo kogogodera. Sindinganene kuti zonse zidali bwino. Silikoni wa kona imodzi adali atayamba kusiya m'munsi, ndipo timatailosi titatu ta pakhomo, pomwe phazi limaponda polowa, tidali titang'aluka. Ntchito ya ola limodzi. Pansi pa basi pouma, thabwa louma. Ndidawauza kuti silikoni ameneyo aziyang'anidwa akabwera ulendo uliwonse, monga amayang'anira oyilo ndi matayala, chifukwa bafa la m'basi ndi chiwalo cha galimoto.

Tsopano, a Mkonzi, mundilole ndilankhule ndi amisiri anzanga, a kumudzi ndi a kuno. Vuto lathu lina ndi kawerengedwe ka malipiro. Tidazolowera kutchaja pa sikweya mita. Bwana akamva kuti ndi masikweya mita 5 amawerengera ndalama ya tsiku limodzi, ndipo mmisiri wanjala amavomera, kenaka amathamanga, kudumpha chotchinga madzi, kudumpha kuyesa, kugula guluu wotchipa kuti patsale kenakake. Ntchito ya m'basi itchajidwe pa masiku, ndipo masiku odikira kuti utoto uume awerengedwe nawo. Bwana wokana zimenezo musiyeni, abwera yekha mvula ikatha.

Chinanso, tisamaope kuuza kasitomala kuti chomwe akufunacho sichimuyenera. Ine kunena zoona, munthu atandifunsa lero kuti m'basi yoyenda aikemo chiyani, ndingamuuze kuti agule beseni la shawa lopangiratu la fibreglass kapena awotcheretse lachitsulo chosachita dzimbiri, makoma aike zipepala zapulasitiki, ndalama yotsalayo agulire matayala. Ndikudziwa kuti ndikudzichotsera nsima pakamwa. Matailosi m'basi ndi otheka, ndawaika ndipo afika ku Dedza n'kubwerako, koma ndi njira yodula, yolemera ndi yofuna kusamalira. Aikidwe pomwe mwini wake akuwafunadi ndipo wamva mtengo wake wonse. Aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja nawo atithandize: ana athu akukumana ndi makontena osanduka masitolo, mabasi osanduka malo ogona, nyumba zamatabwa ndi zazitsulo. Apatseni tsiku limodzi lokha loti amate tailosi pa thabwa, alipinde, aone ndi maso awo chomwe chimachitika.

Mwana wa mlongo wanga adayankha patatha masiku awiri. Akuti basi ya ku Salima ilibe injini, aikoka ndi thirakitala n'kuikhazika pa zipilala. Ndidamuuza kuti zikatero theka la mavuto lachoka, koma asamate chilichonse basiyo isadafike pamalo pake n'kukhazikika, chifukwa ulendo umodzi wokokedwawo ndi wokwanira kuswa zonse. Dzuwa la ku Salima lidzafutukula malata tsiku ndi tsiku, chinyezi cha kunyanja chidzasaka chitsulo, choncho bokosi lapalokha, chotchinga madzi, guluu wopinda ndi silikoni m'makona zikhalepobe. Matailosi okulirapo pang'ono angathe kulowa. Adati bwanayo akuona ngati akumudyera. Ndidati amuonetse kalata ino ikatuluka.

Amayi aja adabwera ndi mphatso kuchokera kumudzi. Ku Dedza kuli malo otchuka oumba mbiya ndi makapu, amapanganso matailosi ojambula pamanja. Adagulako imodzi, yojambulidwa nsomba ya chambo, yokhuthala, yolemera, ya mtundu womwe ndidalumbira kuti sudzalowanso m'basi imeneyo. Adandipatsa ndi manja awiri. "Amisiri, iyi yokha. Muiike pomwe ndiziiona ndikamasamba." Ndidaizunguza m'manja, ndidayang'ana akulu aja, iwo adayang'ana kudenga. Ndidaimata pakati pa khoma loyera lija, payokha, yosakhudzana ndi inzake iliyonse, ndi madontho asanu a guluu wa labala uja amamatira magalasi a galimoto. Mwezi wa mawa akuti akupita ku Nyanga.

Mmisiri wa matailosi,
Mabvuku, Harare